Makutu a Ana a Nkhokwe

12 Januwale

Okondedwa achimwene,

Moni nonse kumeneko. Ndikhulupirira kuti amayi miyendo ija yayamba kuwamvera, ndipo alamu ndi ana akudzuka bwino. Ine ndinafika bwino, kungoti basi inatifera panjira. Tinakankha mpaka nsapato yanga inayasamula kukamwa.

Kuno ku koleji tatsegulira ndi moto. Ino ndi teremu yomaliza, ndiye aphunzitsi akutithamangitsa ngati tinawabera kanthu. M'mawa tili m'khola la ng'ombe kuphunzira kubaya jakisoni, masana tili pa makina oonera tizilombo kusakasaka mazira a njoka zam'mimba m'ndowe. Inde achimwene, ndowe! Muwauze anthu amene amanditcha dokotala aja kuti dokotala wawoyo amaswera kukanda ndowe. Ndiponso si dokotala ayi. Ndikakhoza mayeso a mu Julayi ndidzakhala wothandizira dokotala wa ziweto, ndipo kwa ine zimenezo ndi zokwanira. Ndi zomwe ndakhala ndikulota kuyambira pamene malemu abambo ankandinyamulitsa chidebe cha madeya.

Nanga Nkhokwe ikuyamwitsa bwino? Nkhumba imeneyo muziisamala, ndi yokhayo yatsala mwa zimene abambo anatisiyira, ndipo ana ake ndi amene andiphunzitsa kuyambira chaka choyamba.

Kunena za ana akewo, ndili ndi nkhani yochititsa manyazi. Paja pa tchuthi ndinawadula makutu ndi kachitsulo kaja ndinabwereka kuno. Lamulo lake ndi loti khutu lakumanja likhale ndi chizindikiro cha make, lakumanzere cha mwanayo. Ine ndi umanzere wangawu ndimagwira kankhumba mozondotsa, ndiye zizindikiro zimasemphana. Dzulo ndachitanso zomwezo pano. Aphunzitsi athu aja tinawatcha a Sambam'manja, chifukwa sangamalize kuyankhula osatchula sopo, anakweza kankhumbako m'mwamba pamaso pa kalasi yonse n'kunena kuti, "Taonani ntchito ya Manzere! Nkhumba yake ngakhale itasochera pamsika wa dziko lina, ine ndingailoze." Anzanga anaseka mpaka misozi. Ndiye kuti ana a Nkhokwe onse aja ndinawasemphanitsanso. Musauze munthu.

Tsopano zopempha, poti mwana wasukulu salemba kalata yaulere. Magambuti anga ang'ambika, madzi a m'khola akulowa. Komanso fizi akuti ikhale italowa Febuluwale asanathe, apo ayi mayeso ndidzangowaonera pawindo.

Ndine mlongo wanu,
Manzere

6 Febuluwale

Dokotala wa ndowe,

Moni wako tamulandira. Kalata yako alamu ako anawerengera amayi kawiri, ndipo pa nkhani ya makutu ija amayi anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Akuti asiyeni aphunzitsiwo, mwana wanga amadula makutu mwa sitayilo yake. Aliyense wobwera pakhomo pano akumutengera kukhola kukamuonetsa.

Magambuti ndagula, oyera, okhala ngati a anthu ogwira ntchito m'chipatala. Ndapatsira dalaivala wa lole ya madeya, akawasiya pa geti ya koleji. Ukavala uziyenda mwaulemu, ndinasala zambiri kuti ndiwapeze.

Tsono tamvera, mlongo wanga, ndipo uwerenge uli wekha. M'khola mwalowa mphepo yoipa. Nkhumba yoyamba inafa Lachitatu, ina yafa dzulo, ndipo zina zikungounjikana pakona, madeya osawayang'ana n'komwe. Thupi kutentha ngati mbaula. Makutu ndi kumimba zikumafiira, kenako kuda. Imene yafa dzulo m'mawa inadya bwinobwino, madzulo gwaa! Nkhokwe ndaichotsa, ndaiika m'kakhola kakale ka abambo kuseri kwa khitchini, ili bwino. Ana ake ndinawaletsa kuyamwa, ali m'chipinda chawo, akudumphadumpha ngati alibe nkhawa.

Iwe ndi amene taphunzitsa. Undiuze dzina la mankhwala, kaya ndi jakisoni kaya ndi wa m'madzi, ndikagule. Koma chonde, aphunzitsi ako asamve. Anthu a ku ofesi ya ziweto ndimawadziwa ine, akamva chifuwa cha nkhumba imodzi amabwera ndi mafosholo okwana mudzi wonse. Zapakhomo ndi zapakhomo.

Za fizi usade nkhawa. Ine ndi mwamuna, ndiona chochita.

Mlongo wako

11 Febuluwale

Achimwene,

Moni, koma lero sindichulutsa gaga m'diwa. Kalata yanu ndawerenga. Zimene mwafotokozazo ndi chigodola cha nkhumba. Chilibe mankhwala, chilibe katemera. Amene angakugulitseni jakisoni wa matenda amenewa ndi wakuba.

Chitani izi lero lomwe. Zakufazo muzikwirire m'dzenje lakuya, muthire laimu. Nyama yake isadyedwe, isapatsidwe galu, isapite kwa wowotcha nyama aliyense. Amayi asiye kulowetsa alendo kukhola. Pakhomo la khola muike beseni la madzi a mankhwala ochapira, aliyense apondemo. Wopita kwa Nkhokwe asadutse kwa zinazo, ndipo chidebe chake chikhale chakechake.

Chachikulu ndi ichi: pasatuluke nkhumba pakhomopo, ngakhale imodzi. Ana a Nkhokwe akudumpha lero, koma matendawa amabisala m'thupi masiku angapo. Mukagulitsa kamodzi kokha, mwanyamulira munthu wina maliro a khola lake lonse. Ndakupemphani, achimwene, m'dzina la abambo.

Mudziwenso chimene mwandisenzetsa. Tsiku loyamba penipeni a Sambam'manja anatiimitsa tonse n'kutiuza kuti pali matenda amene munthu wa ntchito yathu akangowamva ayenera kunena ku ofesi, kaya ziwetozo ndi za ndani. Chigodola chili pamwamba pa onsewo. Lero m'kalasi amandiyang'ana, ine maso pansi. Ndikhala chete chifukwa mwandipempha, komanso chifukwa ndikudziwa kuti akabwera sadzasiya ngakhale Nkhokwe. Koma chete wangayu ndikumuika m'manja mwanu. Zikadziwika kuti ndinadziwa, sukulu yanga ili pamoto.

Fizi ikavuta, ivute. Ndikagwada kwa akuluakulu a koleji andidikire. Musagulitse.

Magambuti afika, ndi okongola kwambiri. Zikomo.

Manzere

21 Febuluwale

Mlongo wanga,

Moni. Tonse tili bwino, amayi ayamba kuyenda opanda ndodo.

Iwenso mantha! Sukuluyi ikukuphunzitsani kuona mkango pamene pali mphaka. Sichinali chigodola ayi, anali madeya ovunda amene anandigulitsa wa pachigayo uja. Ndasintha madeya, zinthu zayamba kukhala bwino. Nkhokwe ikudya ngati mlendo wapaukwati.

Fizi ndalipira yonse kudzera ku banki, kapepala kake ndi aka. Usandifunse zambiri, pali munthu amene anandikumbukira. Iwe ntchito yako ndi kuwerenga basi.

Kalata yanga ija uiwotche. Ndinalemba ndili wosokonezeka, ndipo m'zipinda zogona anthu ambirimo maso ndi ochuluka.

Amayi akuti uzidya, pa chithunzi chimene unatumiza chija unaoneka ngati ndodo ya tsache.

Mlongo wako

27 Febuluwale

Okondedwa achimwene,

Moni wachimwemwe! Mwandimasula. Ngati anali madeya, ndiye kuti dokotala wanu walakwitsa matenda ake oyamba, ndipo sindinakondwepo chonchi chifukwa cholakwitsa. Beseni lija musachotse msanga, kusamala sikupweteka.

Za fizi ndilibe mawu. Dzina langa alichotsa pa bolodi la osalipira, ndinaima pamenepo kumangoyang'ana malo opanda kanthuwo. Munthu amene anakukumbukiraniyo Mulungu amuonjezere. Ndikayamba ntchito, malipiro oyamba ndi anu, malata a khola ndidzagula ndine.

Kalata ija ndawotcha monga munanenera.

Kuyambira Lolemba tikuyamba kuyenda ndi anthu a ku ofesi ya ziweto, kuphunzira ntchito m'makola a anthu. Ine andiika m'gulu la a Sambam'manja. Andipatsa ovolosi yayikulu ngati thumba la feteleza, koma ndi magambuti anu aja ndikuoneka munthu.

Mlongo wanu wonyada,
Manzere

5 Malichi

Achimwene,

Sindikudziwa ngati ndiyambe ndi moni. Mulandire, poti ndinaleredwa choncho.

Lero tinaitanidwa kwa mayi wina wamasiye amene amaweta nkhumba kuseri kwa nyumba yake, kufupi ndi msika waukulu wa pamsewu. Khola lake ndi la njerwa, losesedwa bwino, zomwera zotsuka. Munthu wosamala. Tinapeza nkhumba zake zitagona mbali ndi mbali, zina zakufa, zina zikupuma movutikira, makutu akuda. Ana ake anaima patali atagwira zidebe za madeya amene panalibenso wowadya.

A Sambam'manja anamufunsa ngati walowetsa nkhumba zachilendo posachedwa. Mayiyo anati inde, anagula tiana tinayi pamsika, kwa bambo wina amene anabwera nato pa lole ya madeya. Anati, "Koma timeneto ayi, adokotala, tinali toyezedwa. Mwini wakeyo anati mlongo wake ndi dokotala wa ku koleji, anatiyeza yekha. Anandionetsa makutu, anati ichi ndi chidindo chake, nkhumba yodulidwa chonchi ndiye kuti ilibe matenda. Anthu tinkachita kulimbirana."

Anatitengera pamene anaunjika tianato. Ine ndinali kumbuyo, nditanyamula bokosi la zida. A Sambam'manja anawerama, anagwira khutu lakumanja, anagwira lakumanzere. Anatembenuza kachiwiri, kachitatu. Kenako anadzuka n'kundiyang'ana. Anzanga amene anaseka tsiku lija m'kalasi analipo awiri, nawonso anaona. Panalibe woseka.

Achimwene, kamodzi kanali kaja ka banga pamphuno, kamene ndinakauza amayi kuti kakufanana ndi inu.

M'galimoto anandifunsa funso limodzi: "Kwanu ndi kuti?" Ndinawauza. Ndikanati chiyani, makutu atanena kale? Anafunsanso ngati ndinkadziwa kuti kwathu kuli matenda. Ndinati inde. Anangotsegula windo n'kumayang'ana kunja mpaka tinafika.

Ndiye munthu amene anakukumbukirani uja ndi mayi ameneyu? Madeya ovunda aja ndi amenewa? Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha. Ine ndinatseka pakamwa kuti ndikutetezeni, inu n'kutenga manja anga kukawagulitsa pamsika. Ndipo ine chitsiru ndinakulemberani zikomo, mpaka kukulonjezani malata!

Akuti Lachisanu tikubwera kumeneko pamodzi ndi a ofesi ya kwanuko, ndipo ine ndi amene ndilondolere njira. Kalatayi mwina idzafika ife titadutsa kale. Ngati yafika msanga, musasunthe kanthu. Zakwana.

Manzere

12 Malichi

Iwe,

Moni ndilibe. Kalata yako yafika dzenje litakwiriridwa kale.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati amene anatsika m'galimoto Lachisanu uja anali mwana wa amayi anga. Unalowa pakhomo pano ndi magambuti amene ndinagula ine, n'kuponda m'beseni la mankhwala ngati pakhomo pa abambo ako ndi pa dzala. Amayi anakutambasulira manja, iwe n'kunena kuti dikirani ndivule kaye magolovesi. Anthu onse a m'dera lino ataunjikana kumpanda, kuonerera.

Zodwalazo sindikudandaula, zinali zopita kale. Koma Nkhokwe? Sinadwalepo ngakhale tsiku limodzi. Anthu aja sankadziwa za kakhola kakuseri. Anali atayamba kale kutsuka mafosholo. Aphunzitsi ako atafunsa ngati pali zina, ine ndinati palibe. Iwe unayang'ana pansi, kenako unaloza kukhitchini. Ndi chala chako chamanzerecho! Nkhumba imene inakulipirira sukulu zaka zonsezi inatuluka ikukununkhiza mwendo, poti imakudziwa.

Ukuti ndinakugulitsa. Ndinagulitsa nkhumba kuti iwe ulembe mayeso. Unkafuna ndikabe? Iwe unalemba kuti fizi ikavuta ivute, koma amene akanayenda m'dera lino akulozedwa kuti walephera kuphunzitsa mlongo wake teremu yomaliza ndi ine. Tianato tinali tamoyo, tikudya. Pamsika aliyense amatamanda katundu wake, wa tomato amati ndi wa lero pamene ndi wa dzana. Ine ndinatchula iwe chifukwa ndimakunyadira. Ndiye mlandu wanga ndi umenewo?

Tsopano aletsa nkhumba kutuluka m'dera lonse lino, ndipo anthu akuti ndi ife. Wowotcha nyama wa kuno sakundiyankha moni. A ofesi andiitana kuti ndikafotokoze, akuti nkhaniyi ikhoza kufika kukhoti. Wakondwa?

Tinaphunzitsa munthu kuti adzachiritse ziweto zathu, osadziwa kuti tikunola mpeni.

Mlongo wako, ngati ukadali nazo ntchito

19 Malichi

Okondedwa amayi,

Moni amayi. Ndikudziwa kuti alamu ndi amene akuwerengereni, nawonso alandire moni. Miyendo ili bwanji? Tsiku lija sindinakukaneni ayi. Magolovesi aja anali atagwira nkhumba zakufa, sindikanakukhudzani nawo. Za Nkhokwe ndalira kuposa mmene achimwene akuganizira. Koma chidebe chake ndinachiona chili pakhomo la khola la zodwala, ndipo ndinali nditangoona kumene khola la mayi wamasiye uja. Sindikanathanso kunama kachiwiri.

Ndalembera inu chifukwa achimwene sangandimvere. Kuno andiimitsa kaye, sindikulowa m'kalasi. Komiti yoona za khalidwe idzakhala pa 16 Epulo, ndipo milandu ndi iwiri. Woyamba ndi woti ndinadziwa za matenda koma sindinanene. Umenewo ndi wanga, ndikuuvomera. A Sambam'manja andiuza kuti pa umenewo akhoza kundipempherera kuti ndingobwereza chaka. Wachiwiri ndi woti ndinadzitcha dokotala, n'kuvomereza nkhumba zodwala kuti zigulitsidwe. Umenewo ukandigwera, andichotsa, ndipo palibe koleji ina imene idzandilandire.

Amayi, inu mukudziwa kuti makutu aja ndinadula tianato tili ndi masiku ochepa, matenda asanabwere. Mukudziwa kuti ndinalemba kuti musagulitse. Chimene ndikupempha ndi chaching'ono. Achimwene akapita ku ofesi akanene zoona, kuti ine ndinawaletsa, ndipo mawu a chidindo aja anapeka okha. Akaonetse kalata yanga ya pa 11 Febuluwale. Zimene akanene kumeneko ndi zimene zidzawerengedwe ku komiti.

Muwayankhule, amayi. Inu amakumverani.

Mwana wanu

4 Epulo

Mwana wanga,

Ndi ine mayi ako, akundilembera ndi alamu ako. Moni. Miyendo yayambiranso, chichokereni galimoto ija sindinagone tulo tabwino. Pakhomo pano pali zii. M'mawa ndimadzuka kuti ndimve nkhumba zikulirira madeya, ndimangomva nkhuku za eni ake.

Kalata yako ndamva. Mwana wanga, nonse awiri munatuluka m'mimba imodzi, ndiye ndidule chala chiti? Achimwene ako anapita ku ofesi kuja. A ku ofesiko anawauza kuti munthu wogulitsa ziweto akudziwa kuti pakhomo pali matenda oterewa amalipitsidwa chindapusa chachikulu, mwinanso kumangidwa. Koma ngati anagulitsa atauzidwa ndi wodziwa kuti zili bwino, mlandu umapepuka. Iwe taganiza. Ali ndi ana, wamng'ono akuyamwa. Akamangidwa, ine adzandinyamula ndani kupita kuchipatala? Iwe ndiwe mwana, ulibe banja, mutu uli nawo. Sukulu ndi zambiri, ukhoza kuphunzira zina, kaya za uphunzitsi kaya zosoka. Akuluakulu a sukulu sangamange mtsikana, angokukalipira.

Za makutuzo usamude mlongo wako yekha. Amene ndinamuuza kuti aziwaonetsa anthu makutuwo ndi ine. Ndinati ntchito ya mwana wanga ndi yooneka, anthu akaona adziwa kuti nkhumbazi zikuchokera pakhomo pa anthu ophunzira. Nanga ndinanama? Sunadule ndiwe?

Chibale ndi fupa, sichiola. Upirire, zidzaiwalika. Ukabwera undigulireko mafuta opaka miyendo aja, akuno sakundithandiza.

Mayi ako

Alamu, apa ndikulemba ndine, amayi sakudziwa. Kalata yanu ya pa 11 ija inafika lole isanabwere. Ndinawerenga ndine, onse awiri ali pomwepo, mpaka pamene munati m'dzina la abambo. M'mawa mwake ndinathandiza kukweza tianato, sindikubisirani. Ku ofesi bambo a ana anena kuti kalata yotero sanailandirepo, ndipo kuti inu munawauza kuti zodulidwa makutu sizingadwale. Asayina. Kalatayo anayatsira mbaula tsiku lomwe anaitanidwa. Ndimafuna musakalowe m'komitimo mukuyembekezera thandizo lochokera kuno. Musanditchule chonde, ndilibe kopita ndi anawa.

2 Meyi

Amayi ndi achimwene,

Moni. Ndili moyo, ndikudya, musavutike kufunsa.

Komiti inakhala. Chinali chipinda chomwe tinkaphunziriramo za mafupa, anangosuntha mafupa a ng'ombe aja n'kuwaika pakona. Anandiwerengera pepala la achimwene kuyambira pamwamba mpaka pansi. Lalembedwa bwino, achimwene, sindinkadziwa kuti muli ndi luso lotere. Pena munati "mlongo wanga amene tinkamukhulupirira." Pamenepo ndinatsala pang'ono kuseka.

Anandifunsa ngati ndili ndi umboni woti ndinakuletsani. Ndinati ndinalemba kalata. Ili kuti? Ili kwathu. Nanga imene anakulemberani yonena za matenda? Ndinawotcha. Chifukwa chiyani? Anandiuza achimwene. Mayi wina wa m'komitimo anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati akuona mwana wa mbuzi wolowa yekha m'butchala. Anafunsa ngati pali munthu kwathu amene angandiikire umboni. Ndinaganiza za nonse, mmodzimmodzi. Ndinati palibe.

A Sambam'manja anayesetsa. Anawauza kuti mabala a makutu aja anali opola kalekale, ndipo kuti ine ndi amene ndinaloza kakhola kakuseri. Koma wapampando anati makola asanu atha chifukwa cha dzina la koleji, ndipo m'bale wake weniweni wasayina kuti ndi iye. Andichotsa. Ovolosi ndabweza. Potuluka a Sambam'manja anandiperekeza mpaka pa geti, anati, "Ukanabwera kwa ine tsiku loyamba lija." Ndinati ndikudziwa. Tsiku limenelo sopo sanamutchule n'komwe.

Amayi, munati sukulu ndi zambiri. Ine ndinkafuna imodzi. Munati angondikalipira. Simunandifunse n'komwe, munangondiyeza pa sikelo n'kupeza kuti wopepuka ndine. Zimenezi zikundipweteka kuposa pepala la achimwene, chifukwa iwo anali ndi mantha, koma inu munakhala pansi n'kuganiza.

Ndinapita kwa mayi wamasiye uja kukapepesa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye dokotala uja ndi iweyo? Ndimayesa ndi munthu wamkulu." Sanandipatse mpando. M'khola mwake akusungiramo makala tsopano.

Ndapeza ganyu pa shopu ina yogulitsa zakudya za nkhuku, ndimasesa ndi kusoka matumba. Anthu akabwera kudzafunsa za ziweto zawo zodwala ndimati sindidziwa, funsani ku ofesi. Ndikugona kwa mnzanga. Kumeneko sindibwera, musandidikire.

Dalaivala wa lole ya madeya akupatsani katundu. Muli mafuta a miyendo a amayi. Mulinso magambuti, ndawatsuka ndi mankhwala, alibe matenda. Achimwene, ameneyu ndiye katundu yekhayo amene ndamuyeza ndi manja anga, mukhoza kukagulitsa m'dzina langa.

Akuti pakatha miyezi ingapo adzakulolani kuwetanso. Mukadzagula tiana tina, makutu mudzadule nokha.

Manzere